Buku Losowa pa Nthawi Yomasula

Kabati yagalasi inali yokhoma bwinobwino, galasi lake losasweka, koma m'kati munangotsala nsalu yobiriwira. Nagwa anasuzumiramo katatu konse, ngati kuti kuyang'anitsitsa kumabweza katundu. Korani yolembedwa pamanja, ya zaka zoposa mazana atatu, imene inkakhala m'menemo iye asanayambe n'komwe ntchito pa laibulale ya yunivesiteyi, inali itasowa.

Linali Lachitatu, 8 koloko m'mawa, tsiku lakhumi ndi chiwiri la Ramazani. Kukhosi kwa Nagwa kunali kouma kale ndi kusala, koma apa ndiye kunaumiratu.

Dokotala Refaat, mkulu wa laibulaleyo, anafika akupukuta magalasi awo. Bambo ameneyu mabuku ankawakonda ndithu, koma ankawakonda kwambiri akakhala otsekeredwa, opanda wowagwira. Kwa zaka ziwiri Nagwa anakhala akuwavutitsa kuti laibulale izitseka 10 koloko usiku m'malo mwa 3 koloko masana. Anavomera mwezi umodzi wokha woyesera, atamusainitsa pepala lakuti ophunzira akangosowetsa kanthu, zonse zibwerera mwakale.

"Ndinati chiyani ine, Mayi Nagwa?" anatero mosakweza mawu, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. "Laibulale si msika."

"Pakhomo sipanatuluke kanthu, adokotala. Mlonda wathu, Amalume Shaaban, amasecha chikwama chilichonse."

"Ndiye yamera mapiko? Tandiuzani, dzulo anthu atatsika kukamasula kusala kwawo, muno munatsala ndani?"

Yankho Nagwa ankalidziwa, ndipo Dokotala Refaat ankadziwa kuti akulidziwa. Chiyambire kutseka mochedwa, panabadwa kamwambo kamene palibe anakalamula. Mipando inali yochepa, yolimbirana. Tsono dzuwa likalowa, kuitana kwa swala, pemphero la Asilamu, kukamveka, osala onse ankasiya zikwama ndi makompyuta pa matebulo kuti malo asalandidwe, n'kuthamangira pansi pabwalo kukadya ndi kuswali. Pamwamba pankatsala mtsikana mmodzi wachikhristu, Demiana, akulondera katundu wa anzake kwa mphindi makumi awiri.

"Ndamuitanitsa kale, ali pa benchi kuofesi kwanga," anatero Dokotala Refaat. "Makiyi ena a kabatiyi amakhala kuseri kwa kalendala m'chipinda cha antchito, ndipo amene amakhala muno tsiku ndi tsiku anaona pamene mumawapachika. Ikakwana 12 koloko ndikuimbira apolisi, chidziwitso chotseka n'kuchimata pachitseko. Mukafuna kusewera upolisi, muli ndi maola anayi."

*

Demiana anakhala m'mphepete mwenimweni mwa benchi, buku la zamankhwala lili pamiyendo, chala chake chikusisita kamtanda kolembedwa pamkono. Anali m'chaka chomaliza, mayeso ake oyamba akubwera Lamlungu. Nagwa ankamudziwa bwino, chifukwa ndi nkhani yake imene anaiwerenga pamaso pa akuluakulu pomenyera maola atsopanowa: anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, pansi pawo pali wowotcherera zitsulo, tebulo m'nyumba yonse mulibe.

"Mwanangu, usandibisire kanthu. Unachoka pampando dzulo?"

"Sindinachoke, mayi."

"Unaona ndani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Chipinda chonse chija munthu angatsekule kabati iwe osamuona?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Atayankhula, mawu ake anatuluka mofulumira ngati akufuna kuwataya. "Ndinagona. Anthu atangotsika ndinatsamira pabuku kuti ndipumitse maso, basi tulo. Ndikudziwa kuti ndi manyazi, anzanga amandisiyira katundu wawo. Koma ndakhala masiku atatu osagona bwino."

Mtima wa Nagwa unagwa. Tulo si mboni imene ungapite nayo kwa apolisi.

"Unadzuka bwanji?"

"Paipi. Ija imadutsa pakhoma la pampando wanga, imalira wina akatsekula mpopi wa m'chipinda cha antchito. Inalira nthawi yayitali, kuleka, kuliranso. Ndinangoti ndi amake Hosni akutsuka makapu, ndiye ndinagonanso pang'ono. Kenako ndinamva chinthu chikukhululuzidwa chakumbuyo uko. Nditadzutsa mutu munalibe munthu." Anameza malovu. "Mayi, dzina langa likangolembedwa kupolisi, chipatala chanji chidzandilandire? Bambo anga sakudziwa kuti ndili pano."

"Khala pomwepo. Werenga."

"Ndikuyesa. Mzere womwewu ndauwerenga kakhumi."

Nagwa anatsika masitepe akuthamanga, nsapato zikulira. Amake Hosni, mayi wokolopa, ankaweruka 4 koloko. Nthawi yomasula sakanakhala akutsuka makapu a munthu aliyense.

*

Amalume Shaaban, mlonda wapakhomo, anali msilikali kalekale, ndipo nkhani iliyonse ankaiyamba ngati lipoti koma n'kuimaliza ngati miseche.

"Zikwama zolowa, ndinaona. Zotuluka, ndinasecha. Mwana wina anabisa buledi ndi nyemba m'thumba la kompyuta, ndinamulanda. Ndinadya ndekha kuti chilango chimveke. Koma buku lalikulu ngati lija? Ayi, mayi, pano silinadutse. Mukafuna wakuba wolokani msewu, mukafunse Hamada wa tiyi uja. Chiyambire ana kuwerengera muno, mipando yake ikungokhala amphaka. Akandiona amalavula."

"Hamada analowa muno dzulo?"

"Alowe bwanji, ine ndili moyo?"

"Ndiye musiyeni Hamada. Pabwalo panali ndani nthawi yomasula?"

"Aliyense! Inu nomwe munali uko ndi atsikana, mukugawa zipatso za tende. Ife kuno kunali nkhondo ya pampopi. Mpopi umodzi, anyamata makumi asanu, aliyense akufuna asambe msanga swala isamupite. Wina kundiponda, wina kundithira madzi m'khutu. Ine ndimati akuluakulu atiikire mpopi wachiwiri, koma ndani amamva mlonda? Wochenjera ndi Bambo Wagdi okha. Anatulukira ife titaima kale m'mizere, manja a malaya ali okwinya, ndevu zikudontha, n'kungoima mzere wakumbuyo. Ndinati, koma ukulu ndi wabwino, mpopi wakewake."

"Anatulukira kuchokera kuti?"

"Pa masitepe. Kungakhalenso kuti?"

Nagwa anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali 10 koloko itadutsa. Bambo Wagdi anali mnzake wa ntchito, amene ankagwira naye madzulo onse, munthu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi m'nyumba imeneyi. Ndi iwo amene anamuphunzitsa kukonza makadi a mabuku iye ali kamtsikana. Ndipo kusamba pamwamba si mlandu, aliyense angathawe mzere wa pampopi. Anadziuza zimenezi kawiri, koma mtima sunakhazikike.

"Masiku ena amasambira kuti?"

Amalume Shaaban anakanda chibwano. "Masiku ena? Amalimbana nafe pompano. Amayamba aima pakona paja ndi foni, kunong'ona, kenako n'kubwera. Dzulo lokha ndiye..." Anasiyira pomwepo, n'kumuyang'ana Nagwa. "Mayi, ine sindinanene kanthu."

*

Amake Hosni anawapeza m'khonde akufinya chikolopa ngati ali nacho chifukwa.

"Mwabwera bwino, ndimati ndikusakeni. Ine msanawu ndi umodzi, sindinabwereke wina. Ndani amene akundiwonjezera ntchito?"

"Ntchito yanji, amake Hosni?"

"Poyamba, madzi. M'chipinda chanu cha antchito, pansi pa sinki chithaphwi, khoma lonse madontho. Kumeneko si kutsuka kapu, ndi munthu wokweza phazi pa sinki, ndimazidziwa ine. Amuna akamasamba za swala amakhala ngati abakha. Chachiwiri, nsalu yanga yoyera, yatsopano, imene ndinali ndisanapukutirepo n'kamodzi komwe, yasowa. Zakale zonse zakuda bii azisiya, atenga yatsopanoyo. Chachitatu, bwerani muone nokha."

Anamutsogolera kuchipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa mashelefu, pafupi ndi pampando wa Demiana. Pakati pa chipindacho panali mitolo isanu ndi umodzi ya nyuzipepala zakale, yosanjidwa bwino pansi.

"Izi zakhala pamwamba pa kabati yachitsulo iyo chibwerere ine pano. Lero ndazipeza pansi, fumbi lili mbwee. Ndikolope bwanji? Ndipo makwerero awa malo ake si pano, amakhala kumabuku a malamulo. Ndani amatsitsa zinyalala kuchokera kumwamba n'kuziika pansi? Anthu amakweza, satsitsa."

Mutu wa Nagwa unkathamanga kuposa mmene iye akanafunira. Wakuba wofuna kugulitsa buku amalitenga ndi manja amene ali nawo, n'kulipanikiza m'malaya. Uyu anayamba wasamba kumaso, m'manja ndi kumapazi, chifukwa Korani sakhudza munthu asanadziyeretse. Anasankha nsalu yosagwiritsidwapo ntchito. Anafuna malo okwera kuposa onse, ndipo anatsitsa chilichonse chimene chinalipo, chifukwa pamwamba pa Korani saikapo kanthu, ndipo Korani saisanjika pa zinyalala. Munthuyu anaba ndithu, koma mwambo umene anakula nawo anakanika kuuswa. Demiana zonsezi sakanazichita.

"Amake Hosni, kakolopeni kukhonde kaye."

"Ndakolopako kale."

"Kakolopeninso."

Atatsala yekha anakoka makwerero. Analira pansi mokhululuzika, ndipo anadziwa kuti ndi phokoso lomwe Demiana anamva. Anakwera masitepe asanu. Pamwamba pa kabatiyo panali popukutidwa mbee, ndipo chakukhoma panagona phukusi loyera, lokulungidwa mosamala ngati khanda.

"Musaigwire, Nagwa," mawu anamveka kumbuyo kwake. "Simunasambe."

*

Bambo Wagdi anaima pakhomo, manja ali lende. Nkhope yawo inali ya munthu amene sanaone tulo. Nagwa anatsika pang'onopang'ono. Mkwiyo umene anali nawo unali waukulu moti mawu oyamba anamukanika.

"Inu? Mwa anthu onse, inu?"

"Sindikanaigulitsa. Mulungu ndi mboni. Ndimati ikhale pamenepo masiku awiri, adokotala atseke maola amadzulowa, kenako ndinene kuti ndaipeza."

"Chifukwa chiyani? Ana mazana awiri amawerengera muno! Mumawaona nokha akukhala m'masitepe mipando ikatha."

"Chifukwa cha Sanaa." Anatchula dzina la mkazi wawo motsitsa. "Chigwere sitiroko chaka chatha, samadya wina akamudyetsa. Ameza ndikakhala ine ndagwira supuni. Kale ndinkafika 4 koloko. Tsopano mayi woyandikana nafe amayesa, iye n'kutseka pakamwa, kudikira ine mpaka 11 koloko. Foni imene ndimaimba pakona paja ndimamunyengerera, iye amangolira. Masabata atatu awa watha, Nagwa, zibangili zikuvuka zokha."

"Bwanji osanena?"

Bambo Wagdi anamuyang'ana, osati mokwiya, ndipo kukanakhala bwino akanakwiya. "Ndinakulemberani katatu."

Nagwa anamva nkhope ikutentha. Makalatawo analipo, m'dilowa yake, pansi pa mapepala owerengera ophunzira olowa madzulo. Yoyamba anaiwerenga mizere iwiri, ataona mawu akuti "ndikupempha kuti mundichotse pa ntchito yamadzulo" anaipinda, n'kunena mumtima kuti achikulire safuna zatsopano. Ziwiri zinazo sanazitsekule n'komwe. Anali wotanganidwa ndi kupambana. Manyazi anamugwira, koma wotchi sinaime chifukwa cha manyazi ake. Inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 12.

"Zimenezo ndalakwa ndine, ndipo ndidzayankha. Koma mwana uja walakwa chiyani?"

"Sindinaganize kuti amuloza iyeyo. Ndimati anena za anthu akunja, za Hamada. Ndinamupeza ali m'tulo, ndinayenda monyang'ama kuti ndisamudzutse."

"Wakhala pa benchi paja kuyambira 8 koloko, inu mukudinda makadi."

Bambo Wagdi anatsamira chitseko. "Nenani kuti mwaipeza inuyo. Nenani kuti wina anaisokoneza pokonza. Zaka ziwiri zokha zanditsalira kuti ndipume ntchito. Chonde, mwanangu."

Mawu akuti mwanangu anamulasa. Nagwa anaganizadi za bodzalo, ndipo kwa kanthawi linaoneka lokoma. Koma ankawadziwa Dokotala Refaat. Akanati mtsikanayo anaibisa pamenepo kudikira mpata woitulutsa, pakuti chipindacho chili kuseri kwa mpando wake. Apolisi mwina sakanabwera, koma mbiri ikanayenda yunivesite yonse, ndipo anthu ena akanaikometsera ponena za kamtanda ka pamkono paja.

"Ndikaipeza ine, Demiana akhalabe wakuba mpaka kalekale. Amene angamuyeretse ndinu nokha. Ine sindikukokani. Ndikupita kuofesi kuja, ndipo ikakwana 12 ndinena zimene ndikudziwa. Ndikadakonda mukananena ndinu."

Anatuluka osacheuka. Ali pakati pa chipinda chowerengera, ophunzira akumuyang'ana mobisa, anamva paipi ya pakhoma ikuyamba kulira. Inalira, kuleka, kuliranso.

*

Dzanja la Dokotala Refaat linali kale pa foni pamene Bambo Wagdi analowa, ndevu zikudontha, phukusi loyera atalinyamula pachifuwa ndi manja awiri. Anakana kuliika pa tebulo mpaka mafayilo onse atachotsedwa. Kenako ananena zonse, ataimirira, osachepetsa kalikonse. Za makalata atatu aja sanatchule. Anatchula ndi Nagwa.

Dokotala Refaat anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Apolisi sanawaimbire, chifukwa wakuba wa m'nyumba amachititsa manyazi mwini nyumba. Anati Bambo Wagdi aime kaye ntchito kuyambira nthawi yomweyo, nkhani yawo ikaweruzidwa ndi akuluakulu.

"Ndipo chidziwitso chija chikamatidwe," anawonjezera.

"Pepala limene ndinasaina likuti ophunzira akasowetsa kanthu," anatero Nagwa. "Ophunzira sanasowetse kanthu, adokotala. Tasowetsa ndife. Muwalange chifukwa cha ife?"

Mkuluyo anamuyang'ana. "Wina wogwira madzulo ndilibe. Mukhala nokha, tsiku lililonse, mpaka mwezi uthe. Mukadwala tsiku limodzi, ndatseka."

"Ndikhala."

Demiana anali ataimirira pakhomo, buku lake lili m'manja. Bambo Wagdi potuluka anaima patsogolo pake. "Mwanangu, undikhululukire."

"Munandidutsa pano kawiri m'mawa uno," anatero mtsikanayo. "Kachiwiriko munandipatsa moni."

Bambo Wagdi anatsika masitepe atagwira khoma. Nagwa anawaona pawindo akuimitsa kagalimoto kamatayala atatu, dzuwa lili pamutu. Lero akafika kwawo nthawi yabwino, supuni aigwira okha, koma mtengo wake unali ntchito ya zaka makumi atatu ndi chimodzi. Chisoni chinamugwira Nagwa, ndipo analibe woti amuuze.

*

Madzulo chipinda chinadzaza monga mwa masiku onse, ena atakhala m'masitepe. Nkhani inali itamveka kale, koma aliyense ankachita ngati sakudziwa. Kuitana kwa swala kutamveka, mipando inalira, anthu n'kuyamba kuthamangira pansi. Mnyamata wina anakankhira chikwama chake chakumene kunali Demiana, osayang'ana n'komwe, monga anazolowera.

Demiana anatseka buku n'kuimirira. "Tenga chikwama chako. Ine sinditsalanso ndekha muno."

Mnyamatayo anaima kakasi. Ena amene anali pakhomo anacheuka. Demiana anayamba kulongedza mabuku. Kunyumba kwawo nthawi imeneyo wowotcherera zitsulo amakhala akuyatsanso makina, ndipo mayeso anali atatsala masiku anayi.

Nagwa anali atafika kale pa masitepe, thumba la tende lili m'manja. Anapatsira mtsikana wina thumbalo, n'kutapamo zitatu zokha. Anabwerera, kukoka mpando woyang'anizana ndi wa Demiana, n'kukhala pansi penipeni pa chikwangwani choletsa kudya, chimene analemba yekha.

"Pitani, kadyeni," anauza enawo. Kenako anatembenukira kwa Demiana. "Sutsala wekha. Khala pansi uwerenge. Ukafuna kugona, gona. Katunduyu ndilondera ine."

Demiana anaima kanthawi, chikwama chili paphewa. Pansi pabwalo nkhondo ya pampopi inali itayamba, mawu a Amalume Shaaban akumveka pamwamba pa onse. Nagwa anaika tende imodzi m'kamwa, ina n'kuikankhira kutsidya kwa tebulo. Mtsikanayo sanaitenge. Koma anatula chikwama, n'kutsekula buku pa tsamba lomwe linamukanika m'mawa.